Sajeni Kumudzi, Msilikali Wamba Papepala: Za Maudindo M'makalata Otulukira Usilikali kwa Mphamba ku Lundazi

1. Mawu oyamba

M'midzi ya kwa Mphamba, m'boma la Lundazi kum'mawa kwa dziko la Zambia, monganso kutsidya kwa malire ku Mzimba ndi ku Kasungu, si zachilendo kupeza banja likusunga m'sutikesi kapepala kakale kamene gogo wawo adabwera nako kuchokera ku nkhondo. Kapepalako ndi kalata yotulukira usilikali, imene boma la Angerezi linkapereka kwa msilikali pomumasula kuti abwerere kwawo.

Tiyerekeze kuti banja lina lotere likufuna kuika mwala pamanda a gogo wawo. Mudzi wonse udamudziwa mkuluyo kuti Sajeni, ndipo ana ake amatchedwa a kwa Sajeni. Koma mdzukulu wodziwa Chingerezi atafunyulula kalata ija akupeza kuti pamalo a udindo padalembedwa zilembo zitatu, "Pte", kutanthauza msilikali wamba. Kodi pamwalapo alembe chiyani? Akatsata pepala, akuluakulu a pamudzi anena kuti wavula munthu nyota ali m'manda. Akatsata pakamwa pa anthu, ena anena kuti wakometsera mbiri ya gogo wake.

Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti kusiyana kotere sikutanthauza kuti mbali imodzi ikunama. Tiona mmene anthu a kum'mawa kwa Zambia adalowera m'nkhondo ziwiri zikuluzikulu, mmene maudindo a usilikali adalowera m'Chinyanja, njira zimene udindo unkatayikira pakati pa kunkhondo ndi ku ofesi ya kalaliki, ndiponso zimene zingatheke ndi zimene sizingatheke munthu akafuna kukonza cholembedwa chotere lero.

2. Lundazi ndi nkhondo ziwiri

Dera la Lundazi lidalamulidwa ndi kampani ya British South Africa Company, poyamba ngati mbali ya North-Eastern Rhodesia, ndipo kuyambira mu 1911 ngati mbali ya Northern Rhodesia. Boma la Britain lidatenga ulamuliro wa dzikolo mu 1924. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 idapeza dzikolo lili ndi gulu la Northern Rhodesia Police, limene linkagwira ntchito ya upolisi ndi ya usilikali pamodzi. Kuyambira mu 1916 gululi lidamenya nkhondo pansi pa Edward Northey, limodzi ndi asilikali a King's African Rifles a ku Nyasaland. Komabe ambiri mwa anthu amene adapita ku nkhondoyi sadagwire mfuti. Adali atengatenga, osenza chakudya ndi zipolopolo pamutu. Ku Nyasaland kokha atengatenga adali pafupifupi 200,000, pamene asilikali adali pafupifupi 19,000. Melvin Page adafotokoza mavuto awo m'buku lake la The Chiwaya War la mu 2000. Nkhondoyi idathera ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pamene Paul von Lettow-Vorbeck adatula zida pa 25 Novembala 1918. Ku Mbala komweko kuli chipilala chokumbukira atengatenga 1,467 a ku Northern Rhodesia amene adafa.

Mu 1933 mbali ya usilikali ya gulu lija idapatulidwa n'kukhala Northern Rhodesia Regiment. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 gululi lidakula mpaka mabataliyoni 8, ndipo anthu akuda a m'dzikolo amene adalembedwa usilikali adali pafupifupi 15,000. Boma linkadzera kwa mafumu, amene lamulo la mu 1929 lidawasandutsa nthambi ya ulamuliro wa atsamunda, kotero kuti dzina la mfumu ya munthu lidakhala mbali ya chizindikiro chake m'mabuku a usilikali. Bataliyoni yoyamba idamenyana ndi Ataliyana pa Tug Argan ku British Somaliland mu Ogasiti 1940. Ena adapita ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 bataliyoni yoyamba ija idatsika chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya mvula, kulunjika ku mtsinje wa Chindwin. Mbiri ya gululi idasonkhanitsidwa ndi W. V. Brelsford mu 1954, ndipo Alfred Tembo adaiunikanso kuchokera kumbali ya anthu akuda m'buku la War and Society in Colonial Zambia la mu 2021.

Maina a malo amene adamenyerako nkhondo adatsalira pa makampu a asilikali a dziko la Zambia: Tug Argan ndi Kalewa ku Ndola, Chindwin ku Kabwe, Arakan ndi Burma ku Lusaka, ndi Gondar ku Chipata. Malowo akukumbukiridwa bwino. Vuto limene tikukamba pano ndi la anthu amene adafika kumaloko.

3. Chinyanja ngati chilankhulo cha usilikali

Anthu a kwa Mphamba ndi Atumbuka, ndipo mwambo wawo wa Kulonga umachitira umboni zimenezi. Koma Mtumbuka wa ku Lundazi akalowa usilikali ankalamulidwa m'Chinyanja, popeza chimenechi ndicho chidali chilankhulo cha Northern Rhodesia Regiment ndi cha mabataliyoni a ku Nyasaland, pamene a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika ankagwiritsa ntchito Chiswahili. Zolembedwa zonse zidali m'Chingerezi. Motero munthu mmodzi ankaganiza m'Chitumbuka, kumvera malamulo m'Chinyanja, n'kulembedwa m'Chingerezi, ndipo pa malire alionse a zilankhulozi kanthu kena kankatha kutayika.

Mawu a usilikali m'Chinyanja amaonetsa njira zimene adadzera. Liwu loti asilikali lidachokera ku liwu la Chiswahili loti askari, limene nalonso gwero lake ndi Chiarabu. Olankhula Chinyanja adamva a woyambayo ngati mphatikiram'mbuyo wosonyeza kuchuluka kwa anthu, monga mu alimi ndi asodzi, ndipo adapanga okha liwu la mmodzi loti msilikali. Nyota, limene m'Chiswahili limatanthauza nyenyezi, lidasanduka dzina la chizindikiro cha udindo, nchifukwa chake timati munthu wamukweza nyota kapena wamuvula nyota. Keyala ndi katchulidwe ka zilembo zitatu za King's African Rifles. Perete, mendulo, sajeni, kopolo ndi sajenimeja adachokera ku Chingerezi. Kapitawo lidachokera ku Chipwitikizi, koma m'Chinyanja silitanthauza mkulu wa asilikali ayi. Limatanthauza woyang'anira anzake pa ntchito, monga ankachitira otsogolera magulu a atengatenga.

Chofunika kuona ndi chakuti Chinyanja chidabwereka maina a maudindo koma sichidabwereke magawo onse amene Angerezi ankasiyanitsa m'kati mwa udindo umodzi. Kwa msilikali wa pa perete, wovala mzere umodzi pamkono adali lansikopolo, wa mizere iwiri kopolo, wa mizere itatu sajeni. Zimene maso aona ndizo zinkapereka dzina. Kwa kalaliki wa malipiro, mizere itatuyo inkatha kutanthauza zinthu zosiyanasiyana, monga tionere m'munsimu.

Palinso njira ina imene maudindowa adalowera m'midzi. Magule a mganda ndi malipenga, amene amavinidwa ku Lundazi ndi kumpoto kwa Malawi, adatengera mizere, mavalidwe ndi mayendedwe a perete. Terence Ranger mu 1975 adasonyeza mmene magule a mtundu wa beni adafalikira kuchokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, makamaka nkhondo yoyamba itatha, ndipo J. Clyde Mitchell mu 1956 adalemba za gule wa kalela ku migodi ya mkuwa. M'magule otere mumakhala maudindo ongotengera a boma ndi a usilikali. Choncho dzina loti Sajeni pamudzi likhoza kuchokera ku Burma, ku polisi, kapena pabwalo la mganda. Wofufuza amene sadziwa zimenezi angakhulupirire msanga zapakamwa, monganso mnzake angakhulupirire msanga pepala.

4. Mmene udindo unkatayikira papepala

Njira yoyamba idali m'malamulo a usilikali wa Angerezi. Udindo wina udali wokhazikika, umene munthu sakadachotsedwa popanda mlandu. Wina udali wongogwirizira, umene m'Chingerezi ankautcha "acting": sajeni akafa kapena akadwala malungo, mkulu wa kampani ankaloza kopolo kuti atenge malowo, ndipo kopoloyo ankasoka mzere wachitatu. Kugwirizira kwina kudali kolipidwa, kwina kosalipidwa. Munthuyo akavulala n'kupita ku chipatala, kapena akasamutsidwira ku gulu lina, ankatha kubwerera pa udindo wake wokhazikika. Kuonjezera apo, ulansikopolo sunkawerengedwa ngati udindo weniweni m'gulu la nkhondo la Britain mpaka mu 1961. Udali ntchito yongopatsidwa kwa msilikali wamba, imene mkulu wa bataliyoni ankatha kuichotsa. Motero munthu amene adatsogolera anzake m'chigwa cha Kabaw ali ndi mzere pamkono akadatha kutuluka ndi kalata yomutcha msilikali wamba, popanda kalaliki kulakwitsa kanthu.

Njira yachiwiri idali chilango. Kutsitsidwa udindo kudali chimodzi mwa zilango zodziwika, ndipo kalata yotulukira inkaonetsa pamene munthu adathera osati pamene adafikapo. Timothy Parsons m'buku la The African Rank-and-File la mu 1999 adafotokoza kuuma kwa mwambo wa m'magulu amenewa, mmene chikoti chidagwira ntchito kwa asilikali akuda mpaka mu 1946. Munthu amene adakhala sajeni zaka ziwiri n'kutsitsidwa chakumapeto sadali ndi chifukwa chofotokozera mudzi za tsiku lomalizalo, ndipo anzake amene adabwerera naye adapitiriza kumutcha monga adamuzolowerera.

Njira yachitatu idali kulakwitsa kwenikweni. Kukwezedwa kwa msilikali kunkayenera kulengezedwa m'malamulo a bataliyoni otchedwa Part II Orders, ndipo kuchokera pamenepo kunkakopedwa m'mabuku a ku ofesi ya zolembedwa ndi ya malipiro, imene idali kutali ndi kumene kunkamenyedwa nkhondo. Pepala likachedwa kapena likatayika panjira, kukwezedwako sikunkafika m'buku. Maina nawo ankasokoneza. Makalaliki ankasinthanitsa l ndi r, ndipo kawirikawiri ankasiya h wosonyeza mpweya, kotero kuti Mphamba ankatha kulembedwa Mpamba. Ambiri ankalembedwa ndi dzina limodzi lokha kapena ndi la atate awo, mfunda n'kusiyidwa, ndipo ena ankapereka dzina latsopano la kuntchito. M'bataliyoni imodzi mukakhala anthu awiri a dzina lofanana, nambala yokha ndiyo inkawasiyanitsa.

Njira yachinayi idali denga limene tsankho lidaika. Pa nkhondo yachiwiri munthu wakuda wa m'magulu a kuno sankapatsidwa udindo wa ofisala. Ngakhale pamene Angerezi adasowa anthu n'kuyamba kupatsa akuda utsogoleri wa timagulu, adawapangira udindo wapadera wa Warrant Officer Platoon Commander, umene udali pansi pa ofisala wachizungu wamng'ono kwambiri. Seth Anthony wa ku Gold Coast, amene adakhala ofisala mu 1942, amakumbukiridwa chifukwa choti zotere zidali zosowa. Ntchito imene munthu ankagwira ndi dzina limene ankapatsidwa sizinkayenderana, ndipo zimenezi zidachitika mwadala. Zambia idakhala ndi mkulu wa asilikali wakuda, Kingsley Chinkuli, mu 1970, ndipo Malawi idakhala naye, Graciano Matewere, mu 1972.

5. Mtengo wa mzere umodzi

Wina angafunse ngati nkhaniyi si ya ulemu chabe. Udindo udali ndi mtengo wa ndalama. Mu 2019 mtolankhani Jack Losh adafalitsa zimene zili m'chikalata cha boma la Britain cha mu 1945 chokhudza ndalama zotsazikira asilikali a m'magulu a kum'mawa kwa Africa. Pa mwezi uliwonse umene adagwira ntchito, msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10, wachimwenye masheleni 7 ndi theka, ndipo wakuda masheleni 3 ndi theka. Kopolo wachizungu ankalandira masheleni 12, wakuda masheleni 4.

Tikawerengera munthu amene adatumikira miyezi 48, wakuda wolembedwa kuti msilikali wamba akadalandira masheleni 168, pamene wolembedwa kuti kopolo akadalandira 192. Kusiyana kwake ndi masheleni 24, ndalama zosachepa kwa mlimi wa nthawi imeneyo. Koma msilikali wamba wachizungu wa miyezi yomweyo akadalandira masheleni 480. Apa tikuona kuti ngakhale udindo ukadalembedwa molondola, kopolo wakuda sakadafika ndi theka lomwe la msilikali wamba wachizungu. Gululi lidali ndi mwambi wa Chilatini wonena kuti anthu ake ndi osiyana mitundu koma ofanana pa kukhulupirika. Mabuku a malipiro adasunga mbali yoyamba yokha ya mwambiwo.

Kalata yotulukira idalinso chiphaso cha ntchito. Wobwera ku nkhondo wofuna umesenjala pa boma, upolisi kapena ukapitawo ku migodi ankaonetsa kalatayo, ndipo mawu a udindo ndi a khalidwe olembedwamo ankamutsegulira kapena kumutsekera khomo. Patapita zaka zambiri idakhala umboni wa utumiki kwa ofuna thandizo la bungwe la Royal Commonwealth Ex-Services League, limene lidayamba mu 1921. Mu Novembala 2018 boma la Britain lidalengeza mapaundi 11.8 miliyoni othandizira asilikali akale otere ndi akazi awo amasiye kupeza chakudya kawiri pa tsiku, ndipo mwezi womwewo Prince Harry adakumana ndi ena mwa iwo ku Burma Barracks ku Lusaka.

6. Kodi cholembedwa chingakonzedwe?

Poyamba tiyenera kuvomereza kuti nyumba zosungira zolembedwa zakale sizifufuta mawu a m'chikalata choyambirira. Chikalata cholakwika nachonso ndi umboni wa nthawi yake. Chimene chimakonzedwa ndi mndandanda wofotokoza chikalatacho, kaundula wa okumbukiridwa, ndi mbiri imene timalemba ife. Chofunika ndi umboni wachiwiri wosadalira woyambawo.

Umboni wotere umayambira pa nambala ya msilikali, chifukwa dzina limasintha koma nambala imatsata munthu. Kenaka pali mamendulo. A nkhondo yoyamba, monga British War Medal ndi Victory Medal, adadindidwa nambala, udindo ndi dzina, pamene ambiri a nkhondo yachiwiri, monga Africa Star ndi Burma Star, adaperekedwa opanda dzina. Mendulo ya General Service Medal ya amene adapita ku Malaya m'zaka za m'ma 1950 ili ndi dzina ndi udindo. Chithunzi cha munthu atavala yunifolomu chimatsimikiza kuti adavalapo mizereyo, ngakhale sichinena ngati adalipidwa. Ku National Archives ya ku Kew, ku London, kuli mabuku a tsiku ndi tsiku a mabataliyoni, a ku Burma ali m'gulu la WO 172, ndiponso makalata opempha kuti asilikali olimba mtima apatsidwe mendulo, m'gulu la WO 373, amene amatchula udindo wa munthu pa tsiku la ntchitoyo. Ku National Archives of Zambia ku Lusaka kuli mabuku a ma DC ndi makalata a boma a nthawi ya nkhondo. Nyuzipepala ya boma ya Mutende, imene idatuluka kuyambira mu 1936 mpaka mu 1952 m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zinayi kuphatikizapo Chinyanja, idafalitsa nkhani za nkhondo kwa anthu akuda. Kwa amene adadutsa malire n'kukalembedwa ku Keyala, njira imalowera ku Zomba, ngakhale moto wa mu 1919 udawononga zolembedwa zambiri za boma la Nyasaland za zaka zoyambirira.

Kuti boma likhoza kuvomera kulakwa patapita zaka zambiri tidaziona mu Epulo 2021. Komiti ya Commonwealth War Graves Commission idapeza kuti anthu pakati pa 45,000 ndi 54,000 amene adafa pa nkhondo yoyamba adakumbukiridwa mosiyana ndi azungu, ndipo ena osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, sadakumbukiridwe ndi maina awo kapena sadakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya chitetezo ya nthawiyo, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo ya Britain. Mu Januwale 2025 ku Cape Town kudatsegulidwa chikumbutso cha maina oposa 1,700 a anthu akuda ogwira ntchito za nkhondo amene adali ataiwalika. Bungweli limasinthanso dzina kapena udindo m'kaundula wake likapatsidwa umboni wolembedwa, koma ntchito yake ndi ya amene adafa m'nyengo ya nkhondo. Wobwerera wamoyo n'kudzafera kumudzi alibe bungwe lomuyang'anira manda, ndipo mlandu wake uli m'manja mwa abale ake ndi ofufuza. Akale adati mlandu suola, koma mboni zake zimatha: amene adali ndi zaka 18 mu 1945 adabadwa mu 1927.

Apa ndi pamene aphunzitsi a zilankhulo ali ndi gawo. Ana a ku Lundazi amaphunzira Chinyanja kusukulu pamene kunyumba ambiri amalankhula Chitumbuka, kotero kuti amadutsa tsiku ndi tsiku malire omwe aja amene agogo awo adadutsa pa perete. Mphunzitsi angatume ophunzira kukakopera kalata za agogo awo monga zilili, osakonza kalembedwe, ndi kulemba zimene akuluakulu akunena m'chilankhulo chimene anenera. Mafunso ake akhale olunjika: Ndani adayamba kumutcha Sajeni, anzake a ku nkhondo kapena a pamudzi? Adavala mizere ingati, ndipo adaivalira kuti? Kodi ankavina mganda? Adagwirapo ntchito ya polisi kapena ya umesenjala? Jan Vansina m'buku la Oral Tradition as History la mu 1985 adalimbikitsa kuti mbiri yapakamwa iyesedwe ndi muyeso wake monga timayesera yolembedwa, ndipo mafunso awa ndi njira imodzi yochitira zimenezo.

7. Mathero

Taona kuti kalata yotulukira usilikali imanena za udindo umene ofesi idavomereza pa tsiku lomasula munthu, pamene dzina la pamudzi limanena za ntchito imene anzake adamuona akugwira, kapena za ulemu umene adapeza atabwerera. Mafunso amene maumboni awiriwa amayankha ndi osiyana, ndipo wolemba mbiri ayenera kudziwa funso limene akufunsa asanasankhe woti amukhulupirire. Pamene umboni wachiwiri wapezeka, cholakwa chitchulidwe poyera ndipo mindandanda ikonzedwe. Pamene sudapezeke, zonse ziwiri zisungidwe limodzi, chilichonse ndi gwero lake.

Kwa banja lija la kwa Mphamba, uphungu wathu ndi wakuti pamwala alembe nambala ya mkuluyo, gulu limene adatumikira ndi zaka zake, popeza izi ndizo zidzathandize mdzukulu wina kupitiriza kufufuza. Pansi pake angalembe m'chilankhulo chawo kuti ankadziwika kuti Sajeni, chifukwa zimenezo nazonso n'zoona. Kalatayo aijambule, ndipo chithunzi chake chisungidwe pamodzi ndi mawu a amene adamudziwa, asanathe onse.